Kuyenda awiri si mantha



Nandolo akangogulitsidwa, achinyamata ambiri kuno ku Phalombe timakhala ndi kangachepe m'thumba, ndipo mtima umayamba kuloza m'tauni. Wina akufuna akaonere mpira pa Kamuzu Stadium, wina akazungulire m'masitolo a pa Chichiri, winanso angofuna chithunzi choika pa Facebook kuti anzake adziwe kuti nayenso anapondako. Kuyenda kokaona malo Chisilamu sichiletsa ayi. Qur'an yolemekezeka, mu Surah Al-Hajj ndime 46, imalimbikitsa kuyenda pa dziko kuti mitima iphunzirepo kanthu, ndipo imachenjeza kuti khungu loopsa ndi la mumtima. Koma taonani mafunso amene timafunsa tisananyamuke. Thiransipoti ndi zingati? Tikagona kuti? Funso loti "ndipita ndi ndani" timaliyankha mwachibwana: aliyense amene ali ndi ndalama yokwerera, basi tiyeni.

Lero ndikufuna tikambirane funso lomalizali, chifukwa ndi limene limagamula kuti ubwerako uli wotani.

Kumudzi kuno tili ndi mpanda umene sitiuona. Ukajomba Jumu'a, ashehe afunsa. Ukaima pamalo osayenera pa Migowi kapena pa Chiringa, nkhani ikafika kwa amalume ako iwe usanafike pakhomo. Ukangotsika minibasi mu Limbe mpanda wonsewo wagwa. Anthu piringupiringu, koma palibe akudziwa dzina lako kapena la bambo ako. Pamatsala zinthu ziwiri zokha: kuopa Allah kumene kuli mumtima mwako, ndi munthu amene wayenda naye.

Ine ndinapita ku Blantyre masiku awiri ndi mnzanga amene tinaphunzira limodzi ku madrasa. Tinanyamuka Loweruka titaswali Subuh, kudzera ku Chiradzulu, ndipo dzuwa lisanawawe tinali mu Limbe. Tisanachite china chilichonse, mnzangayo anafunsa munthu wogulitsa mayunitsi komwe kuli mzikiti wapafupi. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, nthawi ya Dhuhr ikadali kutali." Iye anati, "Tiudziwiretu. Malo ena onsewo tiziyendera kuchokera pamenepo." Ndipo zinaterodi. Ndondomeko ya tsiku lonse inamangidwa mozungulira nthawi za Swala, ndipo palibe malo amene tinalephera kuona chifukwa cha zimenezo.

Tinalowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale pa Chichiri, pomwe panja pake pali injini yakale ya sitima ya pamtunda. Tinakaona Mandala House, nyumba imene inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes. Dzina loti Mandala linachokera ku magalasi a m'maso amene ankavala John Moir, mmodzi wa oyang'anira kampaniyo. Tinafikanso pa HHI kukaona tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, ndi njerwa zoumbidwa ndi anthu akuda a konkuno. Ndi nyumba yopempherera anzathu a chipembedzo china, choncho tinaima mwaulemu n'kumasirira luso la manja. Ine ndinkawerenga zaka, mnzanga n'kunena chapansipansi kuti, "Oumba njerwazi onse ali m'manda, njerwa zawo zikadali chilili." Mawu ochepa, koma anandikumbutsa zimene maso okha sakanandiuza. Munthu amapita, ntchito yake imatsala, ndipo adzafunsidwa za ntchitoyo.

Madzulo tinaima pamalo pomwe phiri la Soche limaonekera bwino. Mabala amene madzi ndi miyala zinang'amba mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, tinawaona ndi maso athu, pamwamba pa Chilobwe pomwe anthu ambiri anakwiririka. Ife a ku Phalombe mabala otere sitichita kufotokozeredwa. Namondwe yemweyo anatilira abale kuno kwathu, ndipo makolo athu amasimbabe za napolo wa mu Malichi 1991 amene anatsika m'phiri la Michesi. Tinakhala chete, kenaka tinawapangira dua omwalirawo. Tauni ili ndi magetsi ndi nyumba zosanja, koma Mwini phiri la Michesi ndi Mwini phiri la Soche ndi mmodzi yemweyo.

Mayeso enieni anabwera usiku. Tinakumana ndi mnyamata wina wa kwathu konkuno amene anakhazikika m'tauni, ndipo anatilandira ndi mtima wonse. Atatigulira zoziziritsa kukhosi anati, "Aise, mwabwera kudzaona tauni kapena midadada? Tauni imayamba usiku. Tiyeni ndikuonetseni malo. Kuno palibe akukudziwani." Sanali kutifunira zoipa m'maganizo mwake, kwa iye uku kunali kuchereza alendo. Mnzanga anaseka, n'kumugwira paphewa, nati, "Achimwene, amene timamuopa uja wabwera nafe minibasi imodzi. Inuyo tiperekezeni ku Isha, tikatero tikadye limodzi." Sanamulalatire, sanamunyoze. Mnyamata uja anazengereza pang'ono, koma anatitsatira, ndipo anaima nafe mu swafu. Zimene zinali mumtima mwake akudziwa ndi Allah.

Tsopano ganizirani usiku womwewo mutayenda ndi munthu amene akanayankha kuti, "Eya, kamodzi kokha palibe vuto." Mukanakhala awiri okoka, mmodzi wokana. Ndi angati mwa ife angalimbe pamenepo? Tisadzinamize, abale anga. Imaan imakwera ndi kutsika, ndipo pa ulendo munthu umakhala wotopa, wosangalala komanso wosadziwika. Shaitan amaidziwa bwino nthawi imeneyi.

N'chifukwa chake Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye), mu hadith imene ili mwa Bukhari ndi Muslim, anafanizira bwenzi labwino ndi wogulitsa mafuta onunkhira, ndipo bwenzi loipa ndi wopemerera mvukuto. Kwa woyambayo, ngakhale usagule kanthu, uchokako ukununkhira. Kwa winayo, ukapanda kupsa malaya uchokako ndi fungo la utsi. Iye mwini, posamuka ku Makkah kupita ku Madinah mu 622, sanangotola munthu panjira. Anayenda ndi Abu Bakr (Allah asangalale naye), amene anabisala naye masiku atatu m'phanga la Thawr. Ngati Mtumiki, amene Allah ankamuteteza, anasankha woyenda naye, nanga iwe ndi ine? Akuluakulu athu anati kuyenda awiri si mantha. Zoona, bola wachiwiriyo akhale woti ukaterereka akugwira, osati wokukankha.

Ndiye amene mukukonza ulendo, nazi zoti muchite musanakwere.

Muyeseni mnzanuyo kuno komwe. Azana ikamveka muli pa bawo kapena mukuonera mpira, amadzuka? Ndalama ya gulu ikakhala m'manja mwake, imabwera yokwana? Munthu sasintha chifukwa wakwera minibasi. Alongo anga, kwa inu palinso nkhani ya mahram, imeneyo muikonzeretu ndi makolo.

Phunzirani malamulo a Swala ya pa ulendo. Allah anatipeputsira, monga zilili mu Surah An-Nisa ndime 101. Dhuhr, Asr ndi Isha zimafupikitsidwa kukhala marakaa awiri, pomwe Maghrib ndi Subuh zimakhala momwe zilili. Dhuhr ingaphatikizidwe ndi Asr, Maghrib ndi Isha. Mukaswali pambuyo pa imamu wa pamalopo mumakwaniritsa marakaa onse. Maulamaa ambiri amaika mtunda wa makilomita pafupifupi 80, ndiye poti midzi yathu inatalikirana mosiyana ndi Blantyre, funsani ashehe anu musananyamuke. Wopatsidwa chipeputso chotere alibe chonamizira kuti asiyiretu Swala.

Gwirizanani za ndalama mukadali pakhomo. Ya thiransipoti yobwerera muipatule, isakhudzidwe. Osakongola kuti mukajambulitse m'sitolo yodula, chifukwa chithunzi chimaiwalika mawa lomwe koma mwini ngongole saiwala. Ndipo kumbukirani kuti nandolo yemweyo akuyenera kugula feteleza ndi kulipira fizi ya mng'ono wanu.

Pa chakudya musachite manyazi kufunsa. Malo ambiri odyera mu Limbe ndi mu Blantyre amaika chikalata cha halaal poonekera. Kanyenya wa m'mbali mwa msewu amene simukudziwa anazinga ndani, mulekeni, gulani chimanga chootcha kapena nthochi.

Tsanzikani makolo, ndipo pa ulendo chulukitsani dua, pakuti tinaphunzitsidwa kuti dua ya wa pa ulendo imayankhidwa. Pemphererani odwala, amasiye a Freddy, ndi abale athu amene anapita m'tauni kukasaka ganyu n'kuiwala njira ya ku mzikiti.

Chomaliza, ndipo ichi ndicholemera: pamene mukufunafuna mnzanu wabwino, wina nayenso akukuyesani inuyo. Kodi mayi wa mnzanu akamva kuti mwana wawo wapita ku Blantyre ndi inu, amagona tulo kapena amachezera kudandaula? Yankho lake mukulidziwa nokha.

Allah atipatse abwenzi otikumbutsa tikaiwala ndi otithandiza tikakumbukira. Atiteteze m'misewu, atibweze kwathu tili ndi Imaan yochuluka kuposa imene tinanyamuka nayo, ndipo awachitire chifundo onse amene anatisiya. Ameen.

Mtumizireni uthengawu amene mukufuna kuyenda naye, mumve kuti ati chiyani.

Wassalaam alaikum warahmatullahi wabarakatuh.