TAYI YOSOKA MWANA: KODI MTENGO WAKE ULI PATI?

Tiyeni tilingalire funso ili: mwana akafuna kupatsa atate ake tayi, chabwino nchiti, kugula yosalala m'sitolo, kapena kusoka yekha ndi manja osazolowera singano?

Ambiri ayankha msanga kuti ya manja ipambana, pakuti muli chikondi. Mau awa ngoona, koma ali ndi msampha. Alipo ana amene asoka mwaulesi, nabisala m'dzina la chikondi. Tsono atate avala chinthu chopotoka pamaso pa anthu kuopa kukhumudwitsa mwana. Mphatso yotere yasanduka mtolo.

Tidziwe kuti tayi ili ndi mwambo wake. Inachokera kwa asilikali a ku Croatia, amene ankamanga nsalu m'khosi pa nkhondo yaikulu ya ku Ulaya ya 1618 mpaka 1648, ndipo Afalansa anatengera kavalidweko. Kasokedwe kamene tikadziwa lero kanakonzedwa ndi Jesse Langsdorf wa ku New York m'zaka za m'ma 1920. Iye anadula nsalu mopendeketsa, osatsata mzere wa ulusi wake, nailumikiza zidutswa zitatu, kuti tayi izigwa bwino pachifuwa yosapotoka. M'kati aikamo nsalu ina yolimbitsa, ndipo msoko wa kumbuyo ausoka ndi ulusi umodzi wosakoka kwambiri, kuti tayi ikatamuka pomanga ibwerere m'malo mwake. Wodula mothamanga, pofuna kusunga nsalu, adzaona tayi yake ilikupindika ngati chingwe.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mwana sangasoke tayi yoyenera popanda kuyamba wawayang'anitsitsa atate ake. Kodi ngatali bwanji, kuti nsonga ifike pa lamba? Jekete yao ya pa ukwati ndi pa msonkhano njamtundu wanji? Akonda zowala kapena zofatsa? Akasokerera zilembo zoyamba za dzina lao, aziike poonekera kapena kumbuyo, popeza ndi munthu wosafuna kudzionetsa? Ambiri a ife tadya thukuta la atate zaka makumi awiri, koma mafunso awa atigonjetsa. Sitolo igulitsa tayi kwa munthu aliyense. Mwana asokera munthu mmodzi yekha, ndipo ayenera kumdziwa.

Chifukwa chake mtengo wa mphatsoyi suli m'nsalu, kapena m'kungoti yapangidwa ndi manja. Uli m'chisamaliro: kufunsa kwa telala, kuyesa poyamba pa nsalu yakale, kuphwasula msoko wokhota ndi kuyambanso. Chikondi chenicheni sichikhululukira ulesi, chimaphunzira ntchito. Ndipo mwana amene sadziwa kusoka, koma wasankha m'sitolo mwanzeru poganizira atate ake, wachita bwino koposa wosoka mwamphwayi kuti atamandidwe.

Makolo athu anati kupatsa nkuika. Koma kupatsa kholo sikuika ai, ndi kuvomera ngongole imene sitingathe kuibweza.

Nanunso atate muli ndi udindo. Mwana akabwera ndi tayi imene waivutikira, ngakhale msoko wina wakhota pang'ono, musaiponye pansi pa bokosi. Muivale, iye aone. Kulandira bwino nakonso ndi ntchito ya mtima, ndipo mwana amene mphatso yake yanyozedwa kamodzi sabwera nayo msanga ina.