Kodi Ndi Cifundo Kapena Ndi Ufulu?

Boma limalankhula ndi anthu ake. Limatiuza tsiku la katemera wa ana ndi wa ng'ombe. Limatiuza mtengo wa msonkho wa pamsika. Limatiuza mapepala ofunika polembetsa mwana wobadwa kumene, kapena popempha malo omangapo nyumba. Limaticenjeza pamene madzi osefukira ali pafupi.

Kale mawu amenewa ankafika kudzera kwa mfumu, kapena pa pepala lokhomedwa pakhoma la ofesi. Kenaka inabwera wailesi. Lero pali njira inanso. Maofesi a boma akuika mawu awo pa intaneti. Malo amene amaikapo mawuwo timati tsamba la pa intaneti. Munthu amene ali ndi foni yamakono angathe kutsegula tsambalo ali pakhonde pake, osapalasa njinga tsiku lonse.

Mu 1998 dziko lathu la Moçambique linali ndi mamunisipiyo 33. Pakati pawo panali Lichinga, Metangula, Tete ndi Milange. Ulongwe inalowa m'gululi mu 2008. Mu 2023 mamunisipiyo anafika 65. Munisipiyo iliyonse imene itsegula tsamba lake, ndiye kuti yatsegula khomo latsopano la boma.

Tsopano funso lathu ndi ili. Ngati munthu wosaona, wosamva kapena wopuwala manja alephera kulowa pakhomo limeneli, kodi vuto lili kwa yani? Ndipo boma likamukonzera njira, kodi lamucitira cifundo, kapena lamupatsa zimene zinali zake kale?

Mmene khomo limatsekekera

Tiyeni tiyambe ndi munthu wosaona. Ambiri timaganiza kuti munthu wosaona sangagwiritse nchito foni. Zimenezi si zoona. M'mafoni ambiri muli pulogalamu imene imawerenga mokweza mawu onse olembedwa. M'mafoni a Android dzina lake ndi TalkBack. Munthu amayendetsa cala pagalasi la foni, ndipo foni imalankhula. Pa kompyuta pali pulogalamu ina yaulere, dzina lake NVDA. Inayambika mu 2006 ku Australia, ndipo amene anaipanga, Michael Curran ndi James Teh, onse awiri ndi osaona.

Koma pulogalamu imeneyi imawerenga bwino zilembo zenizeni. Wanchito wa ku ofesi akajambula pepala la cidziwitso ndi foni, n'kuika cithunzico pa tsamba, wosaona kawirikawiri amangomva kuti apa pali cithunzi. Tsiku la katemera lili momwemo, koma iye salimva. Batani lopanda dzina nalonso ndi vuto. Foni imangoti "batani," osanena ngati ndi lotumizira pempho kapena lofufutira.

Munthu wosamva ali ndi vuto lina. Mkulu wa boma akalankhula pa kanema, popanda mawu olembedwa pansi ndiponso popanda womasulira m'cinenero ca manja, wosamva amangoona milomo ikugwedera.

Agogo amene maso awo ayamba kucita mdima amalephera kuwerenga tizilembo ting'onoting'ono totuwa pamalo oyera. Anthu ena sasiyanitsa mtundu wofiira ndi wobiriwira. Tsamba likamanena kuti midzi yolembedwa ndi zofiira isamuke cifukwa ca madzi, iwo sadziwa ngati mudzi wawo ulipo.

Munthu amene manja ake amanjenjemera, kapena amene ali ndi dzanja limodzi, amalemba pang'onopang'ono. Tsamba lina limadzitseka lokha pakapita mphindi zocepa. Iye amayambiranso, ndipo limatsekanso.

Ife amene taphunzira kuwerenga titakula tikudziwa ululu wake. Tinaimapo pamaso pa pepala la boma, maso ali tong'o, mawu ali pomwepo, koma osamva kanthu. Umo ndi mmene anzathuwa amaimira pamaso pa tsamba lokonzedwa mosawaganizira.

Kodi vuto lili kuti?

Tiganize za ofesi imene ili ndi masitepe asanu pakhomo. Munthu woyenda pa njinga ya olumala wafika. Wayenda yekha kucokera kwawo, wadutsa mcenga ndi miyala. Wafika pamasitepe, waima. Kodi camuimitsa ndi ciani? Miyendo yake ndi yomweyo imene anali nayo panjira ponse. Camuimitsa ndi masitepe, ndipo masitepe anamangidwa ndi anthu. N'cifukwa cake mu 2008 boma linaika lamulo lonena za mamangidwe a nyumba zimene anthu onse amalowamo, kuti olumala azitha kulowa ndi kuyendamo.

Tsamba la pa intaneti nalonso limamangidwa ndi anthu. Wosaona wabwera ndi foni yake yolankhula. Wacita mbali yake. Ngati tsamba likhala cete, amene watseka khomo ndi womanga tsambalo.

Mbiri ikutiphunzitsa zomwezo. Louis Braille anabadwa ku França mu 1809. Anavulala diso ali ndi zaka zitatu, ndipo pambuyo pake maso onse anasiya kuona. Ali ndi zaka 15 anakonza kalembedwe ka timadontho totukuka, tosaposa 6 pa cilembo cimodzi, towerenga ndi zala. Kucokera pamenepo osaona ambiri anayamba kuwerenga ndi kulemba okha. Maso awo sanasinthe. Cinasintha ndi kalembedwe.

Zimene ena amanena

Ena amati: "Olumala ndi ocepa. Tiyambe ndi anthu ambiri."

Kalembera wa mu 2017 anapeza anthu olumala oposa 700,000 m'dziko lathu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, limene limawerenga ulumali wa mitundu yambiri, linanena mu 2022 kuti munthu mmodzi mwa anthu 6 alionse ali ndi ulumali. Ife tikuwadziwa anthu amenewa. Ena anabadwa conco. Ena anadwala. Ena anaponda mabomba okwiriridwa m'nthaka, amene anapitiriza kuvulaza anthu nkhondo itatha mu 1992, mpaka dziko linalengeza mu 2015 kuti malo onse odziwika ayeretsedwa. Ndiponso tonsefe tikukalamba. Maso adzacita mdima, makutu adzalemera, manja adzanjenjemera. Akulu anati: caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Koma ngakhale akanakhala ocepa, funso likanakhalapobe. Pogawa nyama pamudzi, sitidumpha nyumba ya munthu cifukwa cakuti amakhala yekha.

Ena amati: "Boma lilibe ndalama. Tikufuna mijigo, misewu ndi mankhwala."

Mawu awa ndi olemera, ndipo tisawanyoze. Mjigo ndi wofunika kuposa tsamba la pa intaneti. Munisipiyo imene yasankha kukumba mjigo m'malo motsegula tsamba siinalakwe. Koma ngati yatsegula tsamba, ilitsegule la onse. Zambiri zofunika sizidya ndalama. Kulemba cidziwitso ndi zilembo m'malo mojambula pepala n'kwaulere. Kupatsa batani dzina n'kwaulere. Kusankha zilembo zakuda pamalo oyera n'kwaulere. Cimene cimadya ndalama ndi kugumula zimene zinamangidwa molakwika. Womanga nyumba amadziwa kuti khomo lalikulu amalisiya pomanga. Kulikulitsa nyumba itafoleredwa kale ndi nchito yowawa.

Ena amati: "Wosaona ali ndi mwana. Mwanayo amuwerengere."

Kuthandizana ndi mwambo wathu, ndipo ndi wabwino. Koma tiganize. Pali nkhani zimene munthu wamkulu safuna kuti mwana wake azidziwe: matenda ake, ngongole zake, mlandu wa malo pakati pa iye ndi m'bale wake. Pali dandaulo limene munthu afuna kupereka ku boma, ndipo amene akumudandaula ndi yemweyo amene amamuwerengera. Womuwerengera angathe kudumpha mzere, mwadala kapena mwangozi. Angathe kukhala kumunda tsiku limene cenjezo la madzi lafika. Thandizo limakoma pamene munthu walipempha mwa kufuna kwake. Likakhala njira yokhayo, munthu wamkulu amasanduka mwana m'nyumba yake yomwe.

Ena amati: "Kuno kumudzi mafoni amakono ndi ocepa, ndipo mamega ndi okwera mtengo."

Izi ndi zoona. N'cifukwa cake tsamba lisacotse wailesi ya m'dera, msonkhano wa pamudzi ndi wanchito wa pa ofesi. Njira zonsezi zikhalepo. Koma tionenso kuti munthu amene amavutika kwambiri kuyenda ulendo wa ku boma ndi wolumala yemweyo. Tsamba labwino lingamuthandize iye kuposa wina aliyense. Ndiponso tsamba losalemera, la mawu omveka ndi zilembo zazikulu, limatseguka msanga ndipo limadya mamega ocepa. Zimene zathandiza wolumala zathandiza tonse.

Cifundo ndi ufulu

Cifundo ndi cinthu cabwino. Koma cifundo cimadalira mtima wa wopereka. Lero apereka, mawa watopa. Wolandira cifundo amalandira ndi manja awiri, amathokoza, ndipo cikasowa sangafunse. Ufulu ndi wosiyana. Munthu amaufunsa ataima, ndipo ukasowa pamakhala wina woyenera kuyankha.

Malamulo akulu a dziko lathu, a mu 2004, amanena m'ndime 37 kuti nzika zolumala zili ndi ufulu wonse umene malamulowo apereka, ndipo zili ndi udindo wofanana ndi wa ena, kupatula umene ulumali wawo sulola. M'ndime 48 amanena kuti nzika zonse zili ndi ufulu wodziwa nkhani. M'ndime 125 boma likulonjeza kuthandiza kuti cinenero ca manja ciphunzitsidwe ndi kukula. Mu 2012 Moçambique inavomereza pangano la maiko onse la mu 2006 lonena za ufulu wa anthu olumala. Ndime 9 ya panganoli imakamba za nyumba, za mayendedwe, ndiponso za intaneti. Mu 2014 panabwera lamulo la ufulu wodziwa nkhani za boma, ndipo mu 2024 panabwera lamulo loteteza ufulu wa anthu olumala.

Tione bwino mawu akuti udindo wofanana. Mayi wosamva amene amagulitsa tomato pamsika amalipira msonkho tsiku ndi tsiku. Wotolera msonkho samudumpha. Ndalama zimene zimalipira womanga tsamba ndi za anthu onse, ndipo za mayiyo zili momwemo. Munthu amene wasonkha nawo ufa saitanidwa ku nsima mwa cifundo. Nsimayo ndi yake.

Conco yankho lathu ndi ili: kukonza tsamba kuti wolumala alowe ndi ngongole ya boma kwa nzika yake. Boma likalipira ngongoleyi lacita nchito yake. Likapanda kulipira, lalankhula ndi anthu ena okha, pamene likunena kuti lalankhula ndi onse.

Nchitoyi ndi yotheka

Omanga masamba sayenera kuyamba pa cabe. Kuyambira mu 1999 pali malangizo odziwika pa dziko lonse, amene dzina lake lacidule ndi WCAG. Anakonzedwanso mu 2008, mu 2018 ndi mu 2023. Mu 2024 boma la United States linalamula kuti masamba a maboma a m'mizinda ndi a m'zigawo za dzikolo atsate malangizo amenewa. Mfundo zake zazikulu ndi zinayi, ndipo tingaziike m'mafunso.

Kodi munthu angathe kulandira mawuwo, kaya ndi maso, ndi makutu kapena ndi zala? Kodi angathe kuyendetsa tsambalo ndi thupi limene ali nalo, pa liwiro lake? Kodi angathe kumvetsa zimene zalembedwa? Kodi tsambalo limagwira nchito ndi zipangizo zosiyanasiyana, monga foni yolankhula ija?

Funso lacitatu likutikhudza kwambiri. Mawu a boma olembedwa m'Cipwitikizi covuta ca m'maofesi amatsekereza anthu ambiri, olumala ndi osalumala omwe. Ziganizo zazifupi ndi mawu a tsiku ndi tsiku zimatsegula khomo. Cidziwitso cofunika cikaikidwanso m'Cinyanja, colembedwa ndiponso colankhulidwa, khomo limakula.

Pali cinthu cina cimene malangizo okha sangacite. Woyesa tsamba akhale mwini vuto. Munthu woona angaganize kuti zonse zili bwino, cifukwa iye walowa. Tsamba lisanatsegulidwe, aitanidwe wosaona, wosamva, wopuwala manja ndi nkhalamba. Apatsidwe foni, ndipo auzidwe kuti apeze tsiku la katemera. Pamene aima, pamenepo ndi pofunika kukonza. Anthu otere sasowa. M'dziko lathu muli mabungwe awo, monga ACAMO la osaona ndi ADEMO la olumala. Mutu umodzi susenza denga.

Mbali yathu

Ife sitimanga masamba a pa intaneti. Koma timakhala pamisonkhano ya m'mudzi ndi ya ku lokalidade, ndipo timavota. Mkulu wa boma akatiuza kuti nkhani yakutiyakuti ili pa intaneti, tili ndi ufulu womufunsa mwaulemu: "Kodi wosaona angaimve? Kodi wosamva angaiwerenge? Kodi munawafunsa eni ake?" Ndipo tisawalankhulire anzathu olumala iwo ali kunyumba. Tipite nawo kumsonkhano, akhale kutsogolo, alankhule okha.

Tikambirane

1. Kodi m'mudzi mwathu muno, mawu a boma amafika bwanji kwa munthu wosaona? Nanga kwa wosamva?
2. Kodi cifundo cimasiyana bwanji ndi ufulu? Tipereke citsanzo ca m'mudzi mwathu.
3. Kodi ndi nkhani ziti zimene munthu wamkulu ayenera kudziwerengera yekha, popanda womuthandiza?
4. Tilembe m'makope mwathu funso limodzi limene tidzafunsa pamsonkhano wotsatira.