Mankhwala Oberekedwa Kumsana

Mwanawe, khala pansi tidabwe limodzi. Thupi lathuli Namalenga analiumba losasunga mlendo. Kanthu kakang'ono kakalowa m'magazi, impso zimakasefa n'kukataya ndi mkodzo, apo ayi ma enzyme amakaduladula. N'chifukwa chake mankhwala a timapuloteni tatifupi, aja amati ma peptide, sachedwa kutha. GLP-1, amene matumbo amatulutsa tikadya, amakhala m'magazi mphindi ziwiri zokha! Interleukin-2, wodzutsa asilikali a m'thupi kuti amenyane ndi khansa, nayenso ndi wongodutsa. Nanga wodwala wa kwa Njewa azikwera kabaza kangati kukabayitsa jakisoni ku Kamuzu Central?

Koma taonani nzeru za Mwini wake! M'magazi momwemo anaikamo albumin, puloteni yokhala pafupifupi masabata atatu. Maselo akaimeza, m'katimo muli kamlonda kotchedwa FcRn, kamene kamaigwira n'kuibwezera m'magazi isanagayidwe. Kamlonda komweka, inde komweka, ndi kamene kamaolotsa chitetezo cha mayi pa nsengwa kupita kwa mwana ali m'mimba. Khanda lolira koyamba ku Bwaila limafika litatetezedwa kale, lisanaone ngakhale singano ya katemera. Ha! Ndani anakauza kamlondako kuti kazigwira ntchito ziwiri?

Akatswiri anangoonera n'kubwereka. Amalumikiza kamchira ka mafuta ku peptide, ndipo kamchirako kamakakamira albumin ngati mwana woberekedwa kumsana: kumene mayi apita, iye ali komweko, impso osamuona. Umu ndi mmene semaglutide, wa matenda a shuga, anafikira pobayidwa kamodzi pa sabata. Ena amakulunga mankhwala ndi unyolo wa PEG kuti akule, asadutse pa sefa. Mmodzi mwa otere, pegfilgrastim, wololedwa ku America mu 2002, amachulukitsa maselo oyera mwa olandira mankhwala a khansa: jakisoni mmodzi m'malo mobayidwa tsiku ndi tsiku.

Ngakhale ifenso tilimo! Kuyambira 2016, amayi a kuno ku Malawi anali m'gulu la oyesa VRC01, chitetezo cholimbana ndi HIV, cholowetsedwa pa diripi masabata asanu ndi atatu aliwonse. Mphwake, VRC01LS, anamusintha ma amino acid awiri, tizidutswa tomangira puloteni, kuti agwirane zolimba ndi kamlonda kaja, ndipo amakhalitsa m'magazi kuposa kanayi. Awiri okha, mwanawe, pa mazanamazana!