Za Kupikisana ndi Mwini Bwalo

M'dziko la Russia, ndilo lalikuru koposa maiko onse a pansi pano, anthu asankha Pulezidenti wao pakuponya voti, monga acitira m'maiko ena ambiri. Koma kuyambira caka ca 2000 sanagone munthu kumeneko usiku wa cisankho ndi kukayika mumtima kuti adzapambana ndani. Vladimir Putin analandira mpando kwa Boris Yeltsin tsiku lotsiriza la 1999, nasankhidwa mu 2000, nasankhidwanso mu 2004. Pamene lamulo linamletsa kukhala kacitatu motsatana, mnzace Dmitry Medvedev anakhala pampando mu 2008, iye nakhala nduna yaikuru. Ndipo mu 2012 anabwerera, zaka za Pulezidenti zitakuzidwa kucokera pa 4 kufikira pa 6. Anapambananso mu 2018 ndi mu 2024. Ndipo mu 2020 malamulo akuru a dziko anasinthidwa kuti zaka zace zakale zisawerengedwe, kotero kuti aloledwa kukhala kufikira 2036.

Cinkana ziri cotero, pa cisankho ciri conse aoneka amuna ndi akazi ena olembetsa maina ao kuti apikisane naye. Za iwowa tifuna kulingalira pamodzi mwezi uno, abale. Kodi nkoyenera kuti munthu alowe m'mpikisano podziwa kuti mwini bwalo ndiye woweruza, ndiyenso wothamanga? Kodi kutero ndiko kulimba mtima, kapena kupusa, kapena kanthu kena koipa koposa kupusa?

Tiyambe ndi cimene cizizwitsa ambiri. Munthu wokhala ndi asilikari, ndi ndende, ndi mawailesi onse akuru m'dzanja lace, cisankho acifuniranji? Sakanangolamula kodi? Yankho tiri nalo kale m'mbiri ya Ahabu mfumu ya Israyeli. Pofuna kukamenya nkhondo ku Ramoti Gileadi, Ahabu anali atatsimikiza mtima kale. Koma anasonkhanitsa aneneri ngati 400 nawafunsa, ndipo onsewo anabvomereza. Sanawafunse kuti aphunzire kanthu iai. Anawafunsa kuti kumveke kuti mfumu yafunsa. Mphamvu payokha siikhutitsa mwini wace. Wolamula ndi mkondo afunanso kuti kunenedwe kuti anthu anamfuna okha. Ndipo kuti kunenedwe cotero, payenera kuima ena pambali pace, amene anthu akadatha kuwasankha nawasiya. Motero wopikisana naye afunika kwa iye monga mboni ifunika kwa mwini mlandu. Apa ndipo pagona bvuto la nkhani yathu: woima kutsutsana ndi wamphamvu akhoza kukhala alikumgwirira nchito.

Taonani amene analoledwa kuima. Mu 2018 papepala la voti panali maina 8. Mmodzi anali Vladimir Zhirinovsky, munthu wa pakamwa potentha, amene anaima maulendo 6 kuyambira 1991 kufikira 2018. Anali wodziwa kupfuula ndi kuseketsa khamu. Koma m'Nyumba ya Malamulo, imene aicha Duma, cipani cace cinkatsata Boma pa zinthu zazikuru. Wina anali Pavel Grudinin wa cipani ca Komyunisti, amene anatsata Putin patali ndi mavoti ngati 12 mwa 100 ali onse, Putin napata ngati 77. Mu 2024 anatsala atatu okha. Nikolai Kharitonov, nkhalamba ya zaka 75 imene idaimanso kale mu 2004, anauza atolankhani kuti sadzamdzudzula Putin. Leonid Slutsky, wolowa m'malo mwa Zhirinovsky atamwalira mu 2022, ananena poyera kuti salota za kumpambana. Awiriwa anabvomerezanso nkhondo ya ku Ukraine. Wacitatu anali Vladislav Davankov. Palibe mmodzi wa iwo anafika mavoti 5 mwa 100, ndipo Putin analengezedwa ndi 87.

Amenewa sanabvutike polowa, pakuti lamulo liti cipani cokhala ndi mipando m'Duma cingochula munthu wace, osayenda kukapempha maina a anthu. Ndipo atagonja sanataye kanthu. Anabwerera ku mipando yao ndi ulemu wao. Akuru adati galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Mitima yao sitiiona, aiona ndi Mulungu. Koma nchito yao tiiona. Lamulo loletsa umboni wonama silinena za pakamwa pokha. Munthu akhoza kunama ndi thupi lace, pakungoima pamalo pamene kuima kwace kuuza anthu cinthu cosakhala coona. Wolembetsa dzina lace pa mpikisano, alikunena yekha kuti safuna kupambana, acitira umboni pamaso pa dziko lonse kuti mpikisano ulipo, iye alikudziwa kuti palibe. Cotero ife tiyesa kuti funso loyenera kumfunsa wopikisana siliri lakuti, Kodi udzapambana? Koma lakuti, Kuima kwako kunena ciani, coona kapena conama?

Funsoli silipepuka nthawi zonse, ndipo za Ksenia Sobchak zitisonyeza cotero. Mkazi ameneyu, wodziwika pa wailesi ya kanema, anaima mu 2018, nati womsankha iye akhala ngati wakana onse. Popeza anali wopikisana wololedwa, anapatsidwa nthawi ya kulankhula pa kanema wa Boma, nanena zimene sizimveka kawiri kawiri pamenepo. Ananenanso poyera kuti monga mwa malamulo a pakati pa maiko Crimea ndi ya Ukraine. Mau oona atalowa m'nyumba za anthu ambiri, kodi sicinthu? Ndi cinthu ndithu. Koma atate wace, Anatoly Sobchak, anali mkuru wa mzinda wa St Petersburg pamene Putin anagwira nchito pansi pace. Ndipo ambiri anaganiza kuti mwanayo analoledwa dala. Pamapeto sanafike mavoti 2 mwa 100. Mau ace anamveka masiku ocepa naiwalika. Ciwerengero cinatsala, ndipo Boma linatha kuciloza ndi cala ndi kunena kuti otsutsa onse ndi omwewo. Ife tiyesa kuti anagula pang'ono nalipira kwambiri. Koma sitimuika pamodzi ndi aja anakana ngakhale kudzudzula.

Tsono tibwerere kwa Ahabu. Yehosafati mfumu ya Yuda, ataona aneneri onse alikunena cimodzi, anafunsa ngati kulibe wina. Analipo, Mikaya, ndipo Ahabu anamdziwa bwino, koma sanamuitana poyamba, cifukwa anamuda pa zonena zace. Ataitanidwa nanena coona, anapandidwa khofi naponyedwa m'ndende. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma mafumu ocepa acidziwa ici. Pofuna kuzindikira amene wamphamvu amuopa, musawerenge maina olembedwa papepala. Funsani za maina amene palibe.

Mu 2018 dzina losowa linali la Alexei Navalny, loya amene anachuka pakuulula cuma cobisika ca akuru a Boma. Caka conse ca 2017 anayenda m'mizinda yambiri, natsegula maofesi, nasonkhanitsa anyamata ndi asungwana. Mu Disembala caka comweco bungwe loyang'anira cisankho linamkana, popeza adatsutsidwa pa mlandu wa kuba matabwa a kampani ya Boma ku Kirov. Ngakhale bwalo la ku Strasbourg, loona za ufulu wa anthu ku Ulaya, linali litagamula mu 2016 kuti mlanduwo sunaweruzidwe molungama. Pamenepo Navalny anauza anthu ace kuti asapite kukaponya voti. Nzeru imeneyi inali ndi cilema cace: wokhala kunyumba cifukwa ca kukana saoneka wosiyana ndi wokhala cifukwa ca ulesi kapena malungo. Bungwe linalengeza kuti anthu ngati 67 mwa 100 anaponya, ndipo okanawo anamira m'ciwerengero ca osabwera. Mu Ogasiti 2020 Navalny anadwala mwadzidzidzi m'ndege; anamtengera ku Berlin, ndipo akatswiri a ku Germany anapeza m'thupi mwace ciphe ca mtundu wa Novichok, Boma la Russia nilikana. Atacira anabwerera kwao mu Januwale 2021, alikudziwa comdikira, namangidwa pabwalo la ndege ku Moscow. Anafa pa 16 Febuluwale 2024 m'ndende ya ku Kharp, kumpoto kozizira kweni kweni, utatsala mwezi umodzi kuti cisankho cicitike. Boma linati anafa ndi nthenda. Mkazi wace ndi anzace ati anaphedwa.

Pa cisankho ca 2024 anatsekeredwa kunja enanso awiri. Yekaterina Duntsova, mtolankhani wa m'kamzinda ka Rzhev, anakanidwa mu Disembala 2023 cifukwa ca zolakwa za m'malembedwe a zikalata zace. Koma pa Boris Nadezhdin tiime pang'ono. Iyeyu ananena kuti nkhondo ya ku Ukraine ndi colakwa cacikuru. Popeza cipani comuimika cinalibe mipando m'Duma, lamulo linafuna kuti abwere ndi maina a anthu 100,000 omubvomereza, osapitirira 2,500 m'cigawo cimodzi. Ndipo kulemba dzina pamenepo sikuli ngati kuponya voti m'tseri: munthu alemba dzina lace lonse, ndi kumene akhala, ndi nambala ya ciphaso cace, ndipo mapepala apita m'manja mwa Boma. Kumbukiraninso kuti kuyambira Malichi 2022 kuli lamulo lakuti wonena za asilikari zimene Boma liziyesa zonama akhoza kumangidwa kufikira zaka 15. Komatu m'mwezi wa Januwale, ndiwo mtima wa cisanu kumeneko, anthu anaima m'mizere yaitali panja, m'Moscow, m'St Petersburg ndi m'mizinda yakutali, kudikira kuti alembe. Nadezhdin anapereka maina ngati 105,000. Pa 8 Febuluwale bungwe linati mwa maina 60,000 amene linapenda, oposa 9,000 anali olakwika, pamene lamulo lilola 5 okha mwa 100. Ndipo dzina lace silinalowe papepala.

Wowerengera phindu adzati anthu aja anazizidwa cabe. Pulezidenti wina sanampeze, nkhondo siinaleke. Koma ife tiyesa kuti anapeza kanthu kena, kamene bungwe silikanatha kukafafaniza. Nchito yaikuru ya mantha ndiyo kuuza munthu ali yense kuti ali yekha. M'masiku a Ahabu yemweyo, mneneri Eliya anathawira kucipululu nafuna kufa, poyesa kuti watsala yekha. Ndipo cimodzi ca zomutsitsimutsa cinali kumva kuti alipo ena 7,000 osagwadira Baala. Iwowa analipo kale, koma sanali kuonana. Munthu wa ku Russia amene kwa zaka ziwiri anasunga maganizo ace osauza ngakhale mnzace wa pa nchito, anafika pa mzere uja naona nkhalamba, ndi ophunzira, ndi amai obereka ana, onse alikudikira cimodzi. Nadezhdin mwini wace kapena sanali munthu wamkuru. Ena amkayikira, popeza zaka zambiri anaitanidwa kukatsutsana pa kanema wa Boma. Koma kuima kwace kunatsegula khomo lakuti anthu anene coona popanda kuswa lamulo, ndipo pakumkana, mwini bwalo anaonetsa yekha kuti bwalolo ndi lotani.

Sitingabise kuti pali mlandu wina pano. Woitana anzace ku zoopsa asenza katundu wa iwo onse. Ambiri a anyamata amene anagwira nchito m'maofesi a Navalny anathawa kwao, ena namangidwa zaka zambiri, pamene bungwe lace linaweruzidwa mu 2021 kuti ndi la oukira. Munthu akhoza kupereka moyo wace. Koma moyo wa mwana wa mnzace suli wace kuti aupereke. Cifukwa cace wotsogolera ayenera kuuza omtsata mtengo wonse poyamba, osawanyenga kuti cipambano ciri pafupi. Ndipo ayenera kulipira iye coyamba. Pa ici Navalny sitimpeza ndi mlandu, pakuti anabwerera. Ndipo atate amene anadutsa mzere uja osaima, pokumbukira ana ace ndi nchito yace, ife okhala kutali, ofunda bwino, tiribe pakamwa pomuweruza.

Asanafe, Navalny anabvomereza nzeru ina, yosiyana ndi ija ya 2018. Sanati anthu akhale kunyumba. Anati onse osamfuna Putin afike ku malo a voti nthawi imodzi, dzuwa liri pamutu, tsiku lotsiriza la cisankho. Palibe lamulo loletsa munthu kufika pa 12 koloko. Ndipo pa 17 Malichi 2024 mizere inaonekadi nthawi imeneyo m'mizinda ina ya Russia, makamaka pa nyumba za akazembe a Russia m'maiko akunja. Ku Berlin mkazi wamasiye, Yulia Navalnaya, anaima pa mzere maora ambiri pamodzi ndi anzace; ndipo atatuluka anauza anthu kuti papepala lace analemba dzina la mwamuna wace. Pepala lotere lamulo liliyesa loonongeka, ndipo siliwerengedwa kwa mmodzi wa anai aja.