KODI KUPANDUKIRA MFUMU NDI KULAKWA?

Kumpoto kwa boma la Mzimba kuli phiri lotchedwa Hora. Cha m'ma 1880 Atumbuka ambiri anafera pamenepo. Mtsogoleri wawo, Baza Dokowe, anakana ulamuliro wa Inkosi M'mbelwa wa fuko la Jere, nakwera phirilo pamodzi ndi anthu ake. Ankhondo a Chingoni analizinga, osalola munthu kukatunga madzi. Ludzu litakula anthuwo anatsika, ndipo ochuluka anaphedwa. Koma Baza mwini wake anapulumuka, nathawira ku Kasungu.

Kodi Baza analakwa? Funso lotere silinayambire ku Mzimba ayi. Kale m'dziko la Agriki munali banja lomveka la atsogoleri a nkhondo, dzina lake Phokas. M'chaka cha 963 Nikephoros Phokas anatenga ufumu wa Constantinople mwa mphamvu ya ankhondo ake. Pambuyo pake mwana wa mbale wake, Bardas Phokas, anaukira mfumu Basil Wachiwiri m'chaka cha 987, nafera ku Abydos mu 989, ufumuwo osaupeza.

Onse awiri anali opanduka, koma mitima yawo inali yosiyana. Bardas anali mwini chuma ndi minda. Chimene anachifuna ndicho mpando wa mnzake. Akadapambana, wolima wamba akadangosintha mbuye, msonkho uli chikhalire. Atumbuka a ku Hora sanafune mpando wa M'mbelwa. Iwo anatopa ndi kulimira eni nkhondo m'dziko la makolo awo, monga anatopera Atonga amene anathawira kunyanja cha m'ma 1875. Wopanduka chifukwa cha dyera ndi wakuba. Wopanduka chifukwa cha goli ali ndi mlandu womveka.

Komabe mlandu womveka sukwanira. Munthu woitana anzake kunkhondo ayenera kuyamba wafunsa kuti, kodi zikavuta adzafa ndani? Pa Hora anafa ndi otsatira, pamene mtsogoleri anakhala ndi moyo. Phiri lopanda madzi okwanira silikadasunga khamu lotere, ndipo kulingalira zimenezi unali udindo wa wotsogolera.

Nayonso mfumu ili ndi mbali yake. Akulu amati ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Ufumu wodalira mkondo wokha umadziberekera adani m'midzi yake yomwe.

Lero Angoni amasonkhana pa Hora kuchita mwambo wa Umthetho, ndipo zidzukulu za mbali zonse ziwiri zimakwatirana ndi kulankhula Chitumbuka chimodzi. Mtendere umenewu ukadafika msanga, wolamula akadamva madandaulo, ndipo wodandaula akadawerengera miyoyo ya anthu ake.