Nthambi Yoongoka ndi Funso la Nikodemo

Kuongola mtengo mpoyamba, amatero akuluakulu, ndipo kwa Nthache ku Mwanza mwambiwu susowa womasulira. Kuno anthu amadyera mitengo: nyengo yozizira ikafika, manachesi amasefukira m'madengu m'mbali mwa msewu wopita ku Zobue. Mlimi aliyense amadziwa kuti mbande imene anailekerera ikukhota, akadzaikakamiza itakhwima ingothyoka.

Koma lilipo luso lina limene limautsutsa mwambiwu, ndipo mkuyu ndi kachere savuta nalo. Mtengo wakalamba, wapindika, koma penapake pali nthambi imodzi yoongoka bwino. Munthu amatenga mpeni nkusenda khungwa kuzungulira nthambiyo, malo a masentimita 2 kapena 3, nkupala mpaka kuterera konse kutatha. Utomoni woyera ngati mkaka umamata zala. Pabalapo amaikapo utuchi kapena dothi lonyowa, amakuta ndi pulasitiki nkumanga uku ndi uku. Madzi amakwerabe kudzera m'kati mwa nthambi, nchifukwa chake masamba safota. Koma chakudya chimene masamba apanga, poti chimatsikira m'khungwa, chimafika pabala nkusowa podzera. Chimaunjikana, pamatupa, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu mizu yoyera imayamba kuonekera m'pulasitikimo. Apo ndiye amadula kunsi kwake nkukadzala. Akatswiri a timitengo ta bonsai ku Japan amachita zomwezi akafuna thunthu lokongola.

Akapala mwamantha, khungwa limalumikizana, bala limapola, muzu osatuluka. Akazamitsa mpeni, mphepo imadzathyola nthambi.

Mlaliki ataona zimenezi angathamangire pa Yohane 3, pamene Nikodemo anazunguzika mutu kuti munthu wokalamba angabadwenso bwanji. Fanizolo nlokoma ndithu: mtengo wakale sunaongoke, koma mwa iwo mwatuluka moyo wokhala ndi mizu yakeyake. Povuta mpakuti chodzalidwacho si mwana. Njere ya nkhuyu imasakaniza za makolo, ndipo ntchitoyo amagwira ndi tizilombo touluka timene timalowa m'chipatsocho. Nthambi yomeretsedwa mizu ilibe zimenezo. Ndi mtengo womwe uja. Zipatso zake zidzakoma kapena kusukuluka monga kale, ndipo matenda ena imasamuka nawo.

Abuda a ku Anuradhapura ku Sri Lanka amalemekeza mtengo wa m'banja la mkuyu umene mbiri yawo imati unamera ku nthambi yomwe mayi wina wotchedwa Sanghamitta anabwera nayo kuchokera ku India zaka zoposa 2,200 zapitazo. Kwa iwo kusasintha kumeneku ndiye ulemerero wake: amapembedzera patsinde pa mtengo womwewo umene unapereka mthunzi kwa Buddha. Mayi amene mwamuna wake wabwera kuchokera kuchitsitsimutso nkulengeza kuti tsopano ndi munthu watsopano, nkhaniyi amaimva mwina. Akakayika, asamunene kuti alibe chikhulupiriro. Mizu ingakhaledi yatsopano, koma lilime ndi ukali nza nthambi yomwe ija. Chimene chasintha ndi nthaka yomwe bamboyo waimapo ndi manja omuthirira, ndipo mbande yongodulidwa kumene imafuna mthunzi ndi madzi kwa masabata angapo isanaime payokha. Mipingo yambiri imakondwerera tsiku lodula, za kuthirira nkuiwala.

Komanso, ndani ananena kuti kukhota nkulakwa? Mkuyu umatambasula nthambi zake m'munsi, ndipo ndiwo umene Zakeyu, munthu wamfupi, anakwera ku Yeriko pa Luka 19. Ukanakhala wosadzidwa bwino, wa thunthu loongoka ngati bulugamu, akanathera pansi m'chikhamu cha anthu.

Mtengo wakale uja nawo sufa ayi. Pamene panadulidwa nthambi pamauma, pamada, ndipo mvula yoyamba ikangogwa pamaphuka timphukira tingapo, china choloza kumwamba, china chokhotera kumene kuli dzuwa.