Chovala cha Mpeni Watsopano

Mpeni wa chitsulo chogwira dzimbiri suchoka kufakitale uli wamaliseche. Opanga amaupaka mafuta kapena vanishi wopyapyala woti diso silimuona msanga, podziwa kuti ukakhala miyezi m'sitima yapamadzi ndi pashelefu ya sitolo, kumene chinyezi cha mumpweya chokha n'chokwanira kuudya. Okapi, mpeni wopinda uja umene unayambira ku Solingen m'dziko la Germany mu 1902 n'kusamukira ku South Africa mu 1988, ndi wa chitsulo chotere, monganso zikwanje zambiri.

Koma chovalachi n'cha paulendo, si cha pantchito. Mukachisiya chimasupuka pang'onopang'ono, tizidutswa take n'kumagwera mu ndiwo, ndipo madzi amalowa posupukapo n'kukabisala pansi pake. N'chifukwa chake wodziwa mipeni amanyowetsa kansanza ndi acetone, mankhwala omwe aja atsikana amachotsera penti wa m'zikhadabo, n'kupukuta kuchokera kumsana kulowera kwakuthwa kuopa kudzicheka, mpaka kansanzako kasiye kukakamira. Akatero amautsuka ndi sopo, n'kuuumitsa.

Kodi munayamba mwalingalirapo zimene zimachitika pa mphindi imeneyo? Kufikira pamenepo amene ankalondera mpeniwo ndi mmisiri wakutali, munthu amene simudzamuona. Vanishi uja ndiye anali dzanja lake lotsiriza. Mukamuchotsa mwauza mmisiriyo kuti apume, ulonda wabwera kwa inu. Kuyambira tsiku limenelo, mpeniwo ukagona m'beseni la mbale n'kudzuka wofiira, mlanduwo mudzausenzetsa yani?

Mwina ndi mantha amenewa amene amatichititsa kukonda zinthu zokutidwa. Alipo makomo kumene sofa wakhala zaka ali m'pulasitiki wa kusitolo, alendo n'kumaterereka ndi thukuta mwezi wa Okutobala, mwini wake ali wokondwa kuti katundu sakutha. Koma akusungira yani? Ndipo tikamuletsa mwana kugwira mpeni, kuyatsa moto, kukwera yekha minibasi kapena kulakwitsa kanthu kalikonse mpaka atamera ndevu, timakhala tikuteteza iyeyo, kapena tikuthawa ntchito yotopetsa yokhala pambali pake akamaphunzira? Kukuta chinthu n'kwa kamodzi, pamene kuchisamala n'kwa tsiku ndi tsiku, ndipo ambirife timasankha chakamodzicho n'kuchitcha chikondi.

Chodabwitsa n'chakuti mpeni wovulidwa sukhala wamaliseche nthawi yaitali. Ukadula tomato, anyezi ndi mandimu, chitsulo chimayamba kuda, kumachita mawanga otuwa, penanso obiriwira. Osadziwa amathamangira phulusa ndi mchenga kuti akwechepo, poganiza kuti ndi litsiro, chonsecho kudako si dzimbiri lofiira lija lokumba maenje. Ndi khungu limene mpeni wadzipangira pogwira ntchito, ndipo limathandiza kuchedwetsa dzimbiri lenilenilo. Vanishi anachita kupakidwa ndi wina, koma ili lamera kuchokera m'chitsulo momwemo.

Inde, chilipo chitsulo chosagwira dzimbiri, chimene Harry Brearley anatulukira ku Sheffield mu 1913, chosakaniza ndi chromium. Sindichinyoza, chimapulumutsa otanganidwa. Komabe funsani ogulitsa nyama pamsika chifukwa chake ambiri amakakamira mpeni wakuda wakale umene umamva msanga mwala wonolera.

Wanuwo ukatha ntchito madzulo ano, musauviike m'madzi: utsukeni, muupukute, muupake kadontho ka mafuta ophikira.